Nebraska Cornhuskers: chiyembekezo cha ochemerera pa sizoni ya 2025 ndi komwe chidachokera

Nebraska Cornhuskers ndi timu ya mpira wa Chimereka ya pa University of Nebraska, sukulu yaukachenjede yomwe ili mumzinda wa Lincoln, likulu la chigawo cha Nebraska, pakatikati pa dziko la United States. Osewera ake ndi ophunzira a pasukulupo, anyamata a zaka za pakati pa 18 ndi 23, koma ochemerera ake ndi anthu a m'chigawo chonse, ngakhale amene sadapondemo m'kalasi la yunivesiteyo. Timuyi idatsegulira sizoni ya 2025 Lachinayi pa 28 Ogasiti pokumana ndi Cincinnati mumzinda wa Kansas City, koma mtsutso wa momwe idzachitire udali utayamba kale, sizoni ya 2024 itangotha.

Ku Nebraska chiyembekezo cha ochemerera si macheza a pamphambano chabe. Ndicho chagulitsa matikiti onse a masewero a pakhomo kwa zaka zoposa 60 osadukiza, ndipo chomwecho ndicho chili kumbuyo kwa kuchotsedwa ntchito kwa makochi asanu pakati pa 2003 ndi 2022, awiri mwa iwo atangopambana masewero 9 mwa 12. Kuti munthu amvetse zomwe ochemererawa ankafuna mu 2025, ayenera kudziwa kaye muyeso womwe amayezera timu yawo, ndi zaka zomwe muyesowo udapangidwa.

Masewerowo mwachidule

Mpira wa Chimereka si mpira wa miyendo womwe tidauzolowera. Mpira wake ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo amaunyamula kapena kuuponya ndi manja. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, omwe ndi mamita pafupifupi 9, ndipo ikalephera mpira umapita kwa adani. Kufikitsa mpira kumapeto a bwalo, komwe amati touchdown, kumabweretsa mapointi 6, ndipo pamenepo timu imatha kuwonjezera pointi imodzi pomenya mpira pakati pa mitengo, kapena mapointi awiri poyesa kuulowetsanso. Kumenya mpira pakati pa mitengo pa nthawi ina iliyonse ndi mapointi atatu. N'chifukwa chake masewero otha ndi kusiyana kwa mapointi 8 kapena ochepera apo amati asiyana ndi chigoli chimodzi. Wosewera amene amalandira mpira poyamba, kuuponya ndi kutsogolera anzake amatchedwa quarterback, ndipo ulemu ndi chitonzo zimagwera iyeyo kuposa wina aliyense.

Chofunika kwambiri pa nkhani ino ndi kufupika kwa sizoni. Timu ya pakoleji imasewera masewero 12 okha, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti kufika kumapeto kwa Novembala. Ikapambana 6 imaitanidwa ku masewero amodzi owonjezera, otchedwa bowl, omwe ali ngati mphoto. Kuyambira mu 2024 matimu 12 ochita bwino kwambiri m'dziko lonse amalowa mu mpikisano wochotsana wolimbirana ukatswiri wa dziko. Nebraska imasewera mu ligi ya Big Ten, yomwe dzina lake likunena za matimu khumi koma lero ili ndi 18.

Choncho m'chaka muli miyezi inayi ya mpira ndi miyezi isanu ndi itatu ya mkamwa. M'miyezi ya mkamwayi nyuzipepala za Omaha World-Herald ndi Lincoln Journal Star, pamodzi ndi mawailesi a m'chigawomo, zimakamba za ana a sekondale omwe alonjeza kubwera, osewera omwe achoka, ndi ndandanda ya masewero, yomwe anthu amaiwerenga dzina ndi dzina n'kumachonga kuti apa tipambana, apa tigonja, apa ndi pa mwayi. Eni ake ali ndi mawu odzinyogodola nawo: munthu akayamba kulosera zazikulu mu Julayi amati wamwa Kool-Aid. Mawuwa ndi ofala ku America konse ponena za kukhulupirira chinthu mwakhungu, koma ku Nebraska amakoma kawiri, chifukwa chakumwa chaufa chotsekemerachi chidapangidwa koyamba m'tauni ya Hastings, m'chigawo chomwecho, mu 1927.

Chigawo ndi timu yake

Nebraska ndi dziko la alimi a chimanga ndi oweta ng'ombe, ndipo dzina lakuti Cornhuskers limatanthauza osenda makoko a chimanga. Timuyi idayamba mu 1890, ndipo dzinali lidakhazikika mu 1900. Anthu m'chigawomo ndi pafupifupi 2 miliyoni basi, ndipo mulibe timu ya ligi yaikulu ya akatswiri olipidwa, kaya ya mpira wa Chimereka, basketball kapena baseball. Mulibenso yunivesite ina yosewera mpirawu pa mlingo wapamwamba. M'zigawo zina mabanja amagawikana pakati pa matimu awiri, koma kuno mlimi wa kumadzulo, loya wa ku Omaha ndi gogo wa m'tauni yaing'ono onse amavala zofiira Loweruka.

Bwalo lawo, Memorial Stadium, lidatsegulidwa mu 1923 ndipo mumalowa anthu oposa 85,000. Pa tsiku la masewero bwaloli limakhala ndi anthu ambiri kuposa mzinda wina uliwonse wa m'chigawomo kupatula Omaha ndi Lincoln. Kuyambira pa 3 Novembala 1962, pomwe idakumana ndi Missouri, timuyi yagulitsa matikiti onse pa masewero ake onse a pakhomo, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 masewero oterewa adakwana 403. Palibe timu ina ya pakoleji yomwe idafikapo apa. Sizoni ya 2020, yomwe mabwalo adatsekedwa chifukwa cha Covid-19, saiwerengera.

Chiwerengerochi chili ndi kachilema kake. Chimawerenga matikiti ogulidwa, osati anthu okhala pamipando, ndipo mu 2021 chidatsala pang'ono kuduka: anthu ena achuma adagula matikiti otsala a masewero okumana ndi Fordham n'kuwagawira ana ochokera m'mabanja osowa. Otsutsa adati kumeneko n'kudzinamiza. Komabe timu yomwe idatha zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana ikugonja kuposa kupambana n'kumadzazabe bwalo la ukulu wotere ndi yosowa kwambiri.

Muyeso wa Devaney ndi Osborne

Zonse zidayamba ndi Bob Devaney, amene adabwera mu 1962 n'kupeza timu yomwe chaka chapitacho idapambana masewero atatu okha. Iye adaipatsa ukatswiri wa dziko mu 1970 ndi 1971, ndipo m'chaka chachiwiricho idagonjetsa Oklahoma mapointi 35 kwa 31 pa masewero omwe mpaka lero amatchulidwa pakati pa okoma koposa m'mbiri ya mpirawu. Wachiwiri wake, Tom Osborne, adatenga udindo mu 1973 n'kukhalapo zaka 25. Adapambana masewero 255, kugonja 49 ndi kufanana mphamvu katatu, ndipo padalibe chaka ngakhale chimodzi chomwe adapambana masewero ochepera 9. M'zaka zake zisanu zomaliza adapambana 60 n'kugonja atatu okha, ndipo adatenga ukatswiri wa dziko mu 1994, 1995 ndi 1997. Timu ya 1995 idamaliza sizoni poswa Florida mapointi 62 kwa 24.

Munthu wa zaka 45 lero adakula akudziwa kuti kupambana masewero 9 ndi chaka chosakoma. Uwu ndiye muyeso, ndipo adaupatsira ana ake, omwe sadaonepo ndi maso awo timuyi ikutenga ngakhale ukatswiri wa ligi, pakuti komaliza kutero kudali mu 1999.

Chomwe chimaiwalika n'chakuti Osborne nayenso adadandauliridwa kwa nthawi yaitali. Adagonja kwa Oklahoma kasanu kotsatizana atangoyamba, moti mu 1978 adakacheza ndi akuluakulu a Colorado za ntchito kumeneko. Mu Januwale 1984, pa masewero olimbirana ukatswiri ndi Miami, adakana kumenya pointi imodzi yofananitsa mphamvu, yomwe ambiri amakhulupirira kuti ikadamupatsa ukatswiriwo, nayesa mapointi awiri kuti apambane poyera. Zidakanika, ndipo Nebraska idagonja 31 kwa 30. Kenaka adagonja masewero a bowl kasanu ndi kawiri kotsatizana. Ukatswiri wake woyamba udabwera m'chaka chake cha 22. Kudandaula ku Nebraska si kwachilendo ayi. Chachilendo n'chakuti m'masiku amenewo akuluakulu a sukulu ankamva madandaulowo osachitapo kanthu.

Makochi asanu

Osborne atapuma adasiyira Frank Solich, amene adasewerapo m'timuyi ndi kugwira naye ntchito zaka zambiri. Solich adapambana masewero 58 n'kugonja 19 m'zaka zisanu ndi chimodzi, adatenga ligi mu 1999 ndipo adafika pa masewero olimbirana ukatswiri wa dziko kumapeto kwa sizoni ya 2001. Koma sizoni yomweyo Colorado idawakuntha 62 kwa 36, Miami n'kuwonjezera 37 kwa 14, ndipo mu 2002 adapambana 7 n'kugonja 7. Mu 2003 adabwereranso pa masewero 9, koma mkulu wa zamasewero pa yunivesiteyo, Steve Pederson, adamuchotsa, ponena kuti sangalole kuti timuyi itsetserekere m'gulu la matimu wamba. Ochemerera adagawikana pakati, ndipo mpaka lero ena amati tsoka la timuyi lidayambira pamenepo.

Wolowa m'malo mwake, Bill Callahan, adachokera ku ligi ya akatswiri ya NFL n'kutaya kaseweredwe kothamanga ndi mpira komwe Nebraska idadziwika nako. Chaka chake choyamba, 2004, timuyi idagonja kuposa kupambana kwa nthawi yoyamba kuchokera mu 1961, ndipo idaphonya bowl itapitako zaka 35 zotsatizana. Pederson ndi Callahan onse adachotsedwa mu 2007.

Bo Pelini, amene adabwera mu 2008, ndiye amavuta kumuweruza. M'zaka zake zisanu ndi ziwiri sadapambanepo masewero ochepera 9. Mu 2009 adaphonya ukatswiri wa ligi ya Big 12 pogonja kwa Texas 13 kwa 12, oyimbira atabwezera sekondi imodzi pa wotchi yomwe idaoneka ngati yatha. Koma ankagonjanso mochititsa manyazi pa masewero akuluakulu, monga 70 kwa 31 kwa Wisconsin mu 2012, ndipo ukali wake m'mbali mwa bwalo sunkagwirizana ndi chithunzi cha Osborne wofatsa uja. Adachotsedwa pa 30 Novembala 2014, patangotha masiku awiri atagonjetsa Iowa n'kukwanitsa masewero 9. Mkulu wa zamasewero wa nthawiyo, Shawn Eichorst, adasonyeza kuti kugonjetsa Iowa sikudali kanthu kwenikweni poona mlingo womwe Iowa idalipo. Kuchokera tsikulo kufika mu 2024 matimu awiriwa adakumana kakhumi, ndipo Iowa idapambana kasanu ndi kanayi.

Mike Riley adakhalapo zaka zitatu, adapambana 19 n'kugonja 19, napita.

Kenaka kudabwera mwana wa pakhomo. Scott Frost adakulira m'tauni ya Wood River ku Nebraska komweko, adali quarterback wa timu ya 1997, ndipo mu 2017 adatsogolera University of Central Florida kupambana masewero ake onse, timu yomwe zaka ziwiri m'mbuyomo sidapambane ngakhale amodzi. Palibe kochi amene adalandiridwapo ngati iyeyu. Mu Epulo 2018 anthu oposa 86,000 adadzaza bwalo kudzaonera masewero okonzekera chabe, osewera a timu imodzi akulimbana okhaokha. Sizoni itayamba adagonja masewero 6 oyambirira. Mvula ikakuona litsiro siikata: mu 2021 timuyi idapambana atatu n'kugonja 9, ndipo 8 mwa masewero ogonjawo adasiyana ndi chigoli chimodzi. Mu ligi idapambana kamodzi n'kugonja kasanu ndi katatu, koma mapointi onse omwe idapeza adafanana ndendende ndi omwe adani adaipatsa. Ochemerera ambiri adatenga ziwerengerozi ngati umboni wakuti zabwino zili pakhomo, ndipo Frost adapatsidwa chaka china. Pa 10 Seputembala 2022 Georgia Southern, timu ya ligi yaing'ono, idabwera ku Lincoln n'kupambana 45 kwa 42. M'mawa mwake Frost adachotsedwa, atapambana 16 n'kugonja 31. Yunivesite idamulipira madola 15 miliyoni, pomwe ikadadikira mpaka pa 1 Okutobala ikadalipira theka lake. Masabata atatu adaoneka otalika kwambiri.

Mndandandawu ukawerengedwa wonse ukuonetsa chinthu chowawa. Makochi awiri adachotsedwa chifukwa masewero 9 sadakwanire, ndipo chichokereni Pelini timuyi yafika pa masewero 9 kamodzi kokha, mu 2016.

Matt Rhule ndi chaka chachitatu

Kochi wa lero, Matt Rhule, adalembedwa ntchito mu Novembala 2022 pa kontirakiti ya zaka 8 ya madola 74 miliyoni. Mbiri yake ndi yokonza matimu ogwa, ndipo imayenda mofanana kulikonse. Ku Temple adapambana masewero awiri chaka choyamba, 6 chachiwiri, 10 chachitatu. Ku Baylor adapambana amodzi, kenaka 7, kenaka 11. Ku Nebraska adapambana 5 mu 2023 ndi 7 mu 2024. Mwana wa pulayimale akhoza kumaliza yekha mzerewo, ndipo ochemerera adaumaliza kale. Pa zonse zomwe zinkanenedwa za 2025, mawu akuti chaka chachitatu ndiwo ankamveka kwambiri. Zomwe Rhule adakumana nazo pakatipa ku Carolina Panthers ya mu NFL, komwe adachotsedwa m'chaka chake chachitatu chomwecho, sizitchulidwa kawirikawiri.

Zaka zake ziwiri zoyamba ku Lincoln zidapereka umboni ku mbali zonse. Mu 2023 timuyi inkafuna kupambana kamodzi kokha mwa masewero anayi omaliza kuti ipite ku bowl, koma idagonja onse anayi, atatu mwa iwo ndi mapointi atatu okha. Mu 2024 idapambana 5 mwa 6 oyambirira, kuphatikizapo kugonjetsa Colorado, kenaka Indiana idaiswa 56 kwa 7 n'kutsatira kugonja kwina katatu. Pa 23 Novembala idagonjetsa Wisconsin 44 kwa 25, n'kupeza malo ku bowl koyamba kuchokera mu 2016, ndipo ochemerera adathamangira m'bwalo ndi chimwemwe. Akuluakulu ena adapukusa mitu: pabwalo pomwe kale masewero 9 ankadandaulitsa, lero 6 akuvinitsa anthu. Pa 28 Disembala timuyi idagonjetsa Boston College 20 kwa 15 pa Yankee Stadium ku New York n'kumaliza sizoni itapambana 7 n'kugonja 6.

Zomwe zinkakambidwa

Mu 2025 a chiyembekezo chachikulu ankayamba ndi Dylan Raiola. Mnyamatayu adali mmodzi mwa ma quarterback ofunidwa kwambiri m'dziko lonse ali kusekondale, ndipo mu Disembala 2023 adasiya lonjezo lake kwa Georgia n'kusankha Nebraska, komwe bambo ake, Dominic Raiola, adasewera mwaluso asadapite ku Detroit Lions. Adasewera masewero onse m'chaka chake choyamba, nachita zodabwitsa masiku ena ndi zachibwana masiku ena: mipira yake yobala touchdown idali 13, yogwidwa ndi adani 11. Ankavala nambala 15 ndipo ankatengera mayendedwe a Patrick Mahomes wa Kansas City Chiefs, zomwe ena zinkawasangalatsa ndipo ena zinkawanyansa. Masewero otsegulira a 2025 adachitikira pa Arrowhead Stadium, bwalo la Mahomes lenilenilo. Kuwonjezera apo, Dana Holgorsen, katswiri wokonza njira zopezera mapointi amene adabwera mwadzidzidzi mu Novembala 2024, adali atakhala ndi miyezi yambiri yophunzitsa, ndipo timuyi idatenga owakha mipira atsopano, Dane Key wochokera ku Kentucky ndi Nyziah Hunter wochokera ku California.

Chachiwiri ndi ndandanda. Mu 2025 Nebraska sidakumane ndi Ohio State, akatswiri a dziko a sizoni ya 2024, kapena Oregon, akatswiri a ligi a sizoni yomweyo. Michigan, USC ndi Iowa zidabwera ku Lincoln. Ulendo womwe unkaoneka woopsa kwenikweni udali wa ku Penn State. Amene ankachonga ndandanda ndi dzanja lofewa ankapeza masewero 10, ndipo timu ya Big Ten yopambana 10 imakhala pafupi ndi malo mu mpikisano wa matimu 12 uja. Indiana yomwe idawaswa ija ndiyo idawonjezera moto: sukulu yomwe idali yopanda mbiri ya mpirawu, kochi watsopano Curt Cignetti, masewero 11 chaka choyamba, mpikisano wa dziko pompo. Funso lakuti ngati Indiana yatha, Nebraska ikudikira chiyani, lilibe yankho lokhazika mtima pansi.

Okayikira nawonso ali ndi ziwerengero zawo, ndipo n'zolimba. Nebraska sidagonjetsepo timu yomwe ili pa mndandanda wa matimu 25 apamwamba chigonjetsereni Oregon mu Seputembala 2016. Kugonja ndi chigoli chimodzi sikudathe ndi Frost. Iowa idapambana 13 kwa 10 mu 2023 ndi 2024, konse pomenya mpira pakati pa mitengo nthawi ikutha, ndipo mu 2024 idatero itatsalira 10 kwa 0 popita kokapuma. Mbali yotchinga, yomwe ochemerera amaitcha Blackshirts chifukwa cha majezi akuda omwe otchinga odalirika amavala pokonzekera, ndiyo idanyamula timuyi mu 2023 ndi 2024, koma woitsogolera, Tony White, adapita ku Florida State, ndipo zimphona zake za kutsogolo, Ty Robinson ndi Nash Hutmacher, zidamaliza nthawi yawo. John Butler, amene adatenga malo a White, adayamba sizoni ya 2025 ndi achinyamata osayesedwa. Mbali yomenya mipira nayo inkatayitsa mapointi, ndipo mu 2025 Rhule adaitanira Mike Ekeler, mbadwa ya Nebraska, kuti aikonze.

Mtsutso weniweni udali pa nambala. Masewero 7 angaoneke ngati kuima pamodzi. Masewero 8 ndi kupita patsogolo, koma ambiri angafunse kuti adagonjetsa yani. Masewero 9 ndiye pamene nkhani imasanduka yoseketsa, chifukwa nambala yomwe idachotsetsa Solich ndi Pelini lero ingalandiridwe ndi nthungululu. Poona umboni womwe udalipo sizoni ya 2025 isadayambe, 8 kapena 9 ndicho chidali chiyembekezo chokhala ndi maziko, ndipo kugonjetsa Michigan, Penn State kapena Iowa kungalemere m'mitima ya anthu kuposa nambala yonseyo. Ntchito ya Rhule sinkaoneka kuti ili pachiswe mu 2025, koma amene adakulitsa nkhani ya chaka chachitatu ndi mbiri yake yomwe, ndipo adzayezedwa nayo.

Zomwe zidasintha

Pali zifukwa zomveka zomwe zaka za m'ma 1990 sizingabwerere momwe zidalili, ngakhale kochi atakhala wanzeru chotani. Nebraska ilibe ana ambiri a sekondale ofika pa mlingo wapamwamba, choncho imadalira kukopa a m'zigawo zina. Kale idali m'gulu la matimu ochepa ooneka pa wailesi yakanema m'dziko lonse. Lero pafupifupi timu iliyonse imaoneka. Idali patsogolo pa kulimbitsa matupi a osewera ndi zitsulo, kuyambira pomwe idalemba ntchito Boyd Epley mu 1969. Lero sukulu iliyonse ili ndi nyumba ya zitsulo yapamwamba. Itachoka mu Big 12 kupita mu Big Ten mu 2011 idapeza ndalama zambiri, koma idasiya kusewera ku Texas, komwe inkapezako osewera, ndipo idataya adani ake akale monga Oklahoma.

Kusintha kwa posachedwa n'kwakukulu koposa. Kuyambira mu 2021 osewera amaloledwa kulandira ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo, ndipo tsopano amatha kusamuka sukulu chaka chilichonse osadikira. Pa 6 Juni 2025 khoti la ku California lidavomereza mgwirizano wolola masukulu kulipira osewera mwachindunji, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba pa masewero onse a pasukulu. Apa khamu la Nebraska ndi phindu, chifukwa bwalo lodzaza ndi ndalama. Koma mgwirizano womwewo udaika malire a osewera 105 pa timu, ndipo izi zakhudza mwambo womwe anthu a kumeneko amaukonda kwambiri. Kwa zaka zambiri anyamata a m'matauni ang'onoang'ono ankabwera okha, odzilipirira fizi, kudzayesa mwayi m'timuyi, moti osewera ankafika cha m'ma 150. Ambiri sankasewera n'komwe, ena ankasanduka akatswiri, koma tauni iliyonse inkatha kunena kuti mwana wathu ali momwemo. Khomo limenelo likucheperachepera.

Ngakhale masewero okonzekera a mu Epulo, omwe ndiwo ankadyetsa chiyembekezo cha anthu m'miyezi ya mkamwa, mu 2025 sadachitike monga mwa kale. Rhule adanena poyera kuti kuonetsa osewera ake pa wailesi yakanema kukupatsa matimu ena mpata wowanyengerera ndi ndalama. Choncho ochemerera adalowa mu sizoni ya 2025 ataiona pang'ono timu yawo kuposa zaka zina.

Masiku ofunika a sizoni ya 2025 adali atatu: 28 Ogasiti ku Kansas City, komwe bwalo linkayembekezeka kufiira ngakhale pamapepala Cincinnati ndiyo idali mwini masewero, 20 Seputembala pomwe Michigan idafika ku Lincoln, ndi Lachisanu pa 28 Novembala pomwe kudabwera Iowa. Masewero oyamba a pa Memorial Stadium adali pa 6 Seputembala, ndipo matikiti atatha adakhala a nambala 404. Mlendo wake adali Akron, timu yomwe idayenera kutsegulira ulamuliro wa Scott Frost pabwalo lomweli mu 2018. Tsiku limenelo bwalo lidadzaza, mpira udamenyedwa kamodzi, mphezi zidang'anima, ndipo masewerowo adalephereka.